Pamene Utsi Watha Koma Mtima Ukali Kuthamanga

Kabuku ka malangizo kwa mabanja a kumapiri a Dedza

Kabuku kano talembera inu makolo, atsibweni, akazi apabanja ndi alongo a m'midzi ya kumtunda kwa Dedza, kuyambira ku Bembeke kwa Kamenyagwaza, kudzera kwa Kasumbu ndi kwa Kachere, kufikira ku Linthipe, ku Lobi ndi ku Mayani. Inu amene muli ndi munthu pakhomo amene anasuta chamba kapena kulawa mankhwala ena ozunguza bongo, ndipo ngakhale papita masabata, kapena miyezi imene, chisiyireni zimenezo, mtima wake ukana kubwerera m'malo mwake. Munthu wotere adzidzimuka pakati pa usiku thukuta lili kamukamu, nagwira pachifuwa, nati, "Amayi, mtima wanga ukufuna kutuluka, ine ndikufa." Kukacha aoneka wamoyo ndithu, nadya nsima yake, koma dzuwa likapendeka mantha aja abweranso, kufikira aleka kupita kudimba, aleka kukwera minibasi, naopa ngakhale kutsala yekha m'nyumba. Apabanja nawo mitu iwaima: ena ati walodzedwa, ena ati wayamba misala, ena ati ndi ulesi chabe wa mwana wosamva. Kawirikawiri zitatu zonsezi si zoona, ndipo chilichonse mwa izo chichedwetsa kuchira.

Chimene tifuna kuti mugwiritse ndi ichi: nthenda imeneyi idziwika bwino kwa madokotala, ndipo ichira, koma kuchira kwake kuyamba ndi kunena zoona kuchipatala kuti mtima ndi magazi ziyezedwe, ndipo kutsirizika pakhomo, pamene wodwala aleka kotheratu chimene chinamvulaza, apabanja nawo naleka kudyetsera mantha ake.

Chamba si mlendo m'dziko muno. Makolo athu anachitcha fodya wamkulu, ndipo mbiri ya chamba cha kuno, chimene akunja achitcha Malawi Gold, inafika kutali. M'chaka cha 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa iwo okha opatsidwa chiphaso; koma mau aja, poyenda pakamwa ndi pakamwa, anafika kumagowelo atasanduka akuti boma laloleza chamba, pamene kusuta kukali mlandu monga kale. Ana athu opita ku Joni, amene atulukira pa chipata cha Dedza nadzera ku Tete ndi ku Zimbabwe, akakumana kumeneko ndi zinthu zaukali woposa, monga tik ndi nyaope. Ena amwa botolo lathunthu la mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, kapena mapilisi a tramadol, natsirapo kachasu pamwamba. Si anyamata okha ayi. Atsikana ndi abambo a mabanja alimonso.

Chimene chichitika m'thupi

Mtima wa munthu wamkulu, ali chikhalire osagwira ntchito, ugunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi imodzi. M'chamba muli mphamvu imene madokotala aitcha THC, imene ikangolowa m'mapapo ifika kumutu m'kanthawi kochepa, niwonjeza kugunda kwa mtima ndi ka 20 kufikira ka 50 pa mphindi, ndipo liwiro limenelo lingathe kukhalapo mpaka maola atatu. Chamba chodyera m'keke kapena chowiritsira m'tiyi chichedwa kugwira, nthawi zina mpaka maola awiri, kotero kuti wodyayo, poyesa kuti sichinamveke, awonjeza china. Tsono zikamgwira zonse pamodzi zimsunga maola 8 kapena kuposa, mtima uli di di di, mutu uli zunguliru, iye ali kutsimikiza kuti tsiku lake lafika. Nthenda tikunenayi iyamba kawirikawiri pa tsiku lotere. Ingagwere amene wangolawa koyamba, ingagwerenso amene wasuta zaka zambiri osaona kanthu, pakuti ukali wa chamba suoneka ndi maso, ndipo wogulitsa sakuuza chimene wasakanizamo.

Nanga chifukwa ninji mtima upitiriza kuthamanga utsi utatha kale? Apa ndipo tifuna mudekhe nafe, pakuti amene wamvetsa ichi wachira kale mbali ina.

Mlengi anaika m'thupi mwathu chida chotipulumutsa pangozi. Munthu akakumana ndi njoka panjira, tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso titulutsa m'magazi mphamvu yotchedwa adrenaline, imene ithamangitsa mtima, ifulumiza kupuma, itulutsa thukuta, niumitsa kukamwa, kuti munthuyo athe kuthawa kapena kudziteteza. Ndipo ngozi ikapita, thupi libwerera lokha mwakale. Tsono tsiku lija chamba chinamuopsa, thupi la mwana wanu linaphunzira phunziro lonama, lakuti kugunda kwa mtima ndiko kalambulabwalo wa imfa. Chamba chinachoka, koma phunziro linatsala. Ife a kuno tikhala pamtunda, pakuti boma la Dedza lili pafupifupi mamita 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo palibe munthu akwera chitunda cha ku Bembeke atasenza thumba la kachewere mtima wake osagunda mwamphamvu. Munthu wabwinobwino sasamala zimenezo. Koma wodwala uja, amene khutu lake lili pachifuwa usana ndi usiku, akangomva kugunda kumeneko ati, "Zayambanso". Mau amenewo autsa mantha, mantha atulutsa adrenaline, adrenaline iwonjeza liwiro la mtima, ndipo liwirolo limtsimikizira kuti anaganiza zoona. Zili monga galu wa pakhomo amene, fisi atabooleza khola usiku umodzi, ayamba kuuwa tsamba lililonse logwa mumtengo: galuyo si woipa, ndipo kummenya sikumtontholetsa, koma afunika masiku ambiri abata kuti aphunzirenso kusiyanitsa fisi ndi tsamba.

Kupuma kwa phuma nako kuli ndi ntchito yake m'nkhaniyi. Mpweya umene titulutsa popuma, thupi lifuna kusungako pang'ono m'magazi. Tsono munthu akapuma mofulumira ndi mokoka, autaya wopitirira muyeso, ndipo zotsatira zake ndizo chizungulire, dzanzi m'zala ndi kuzungulira milomo, nthawi zina zala kupindika zokha, ndi kumva ngati akubanika pamene mpweya uli wokwanira. Ena aona ngati ali m'maloto, ngati anthu ndi nyumba si zenizeni, ndipo ichi ndicho chiwaopsa koposa, poyesa kuti mutu wayamba kuzungulira. Dziwani kuti mantha otere afika pachimake m'mphindi ngati 10, ndipo kawirikawiri aphwa pasanathe mphindi 30, kusiya munthu ali wolefuka ngati wachokera kolima. Mtima umene uli wabwino suima chifukwa cha mantha amenewa, ndipo iwo sasanduka misala.

Choyamba ndi kuchipatala

Tanena kuti mtima umene uli wabwino suima. Koma amene angakuuzeni kuti mtima uli bwino si inu, si ife olemba kabuku kano, si mnzake wa kugowelo, koma wachipatala amene waumvetsera ndi kuuyeza. Safunsa anadya phula. Tengani buku la kuchipatala la wodwalayo, mupite naye pa chipatala chaching'ono cha kwanu, kapena cha mishoni monga ku Kasina, ku Bembeke ndi ku Mua, kapena pa chipatala chachikulu cha pa boma la Dedza. Ndipo pofika kumeneko, inu kholo mukaona kuti mwana akuchita manyazi pamaso panu, tulukani panja kuti alankhule momasuka. Anene chimene anasuta kapena kumwa, kuchuluka kwake, tsiku lomaliza, ndi chimene anasakaniza. Anene za mowa, za fodya, ndi za mankhwala ena alionse amene akumwa, a mphumu ndi a chimfine omwe, pakuti ena mwa iwo athamangitsa mtima. Wachipatala si wapolisi, ndipo ntchito yake imlamula kusunga chinsinsi cha wodwala. Amene abisa chamba nangoti "mtima ukundithamanga" adzisocheretsa yekha, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Pemphani mwaulemu kuti amuyeze BP, malungo, shuga ndi kuchuluka kwa magazi, amumvetsere mtima, ndi kumuona pakhosi ngati pali chithokomiro. Ngati ali wamkazi, ayezedwenso ngati ali woyembekezera. Tinena zimenezi chifukwa matenda ambiri avala malaya a mantha. Kuchepa kwa magazi kuthamangitsa mtima; malungo, amene ife a kumapiri tikawatenga tikatsikira ku Golomoti ndi ku Mtakataka ndipo nthawi zina konkuno, achita chimodzimodzi; chithokomiro chogwira ntchito mopitirira chibweretsa kunjenjemera, kuonda ndi thukuta; ndipo munthu amene paubwana anadwaladwala zilonda za pakhosi ndi kutupa kwa mfundo angakhale ndi vuto lenileni la mtima limene chamba changoliulula. Wachipatala akaona chokayikitsa angalamule kuti mtima ujambulidwe ndi makina otchedwa ECG, ndipo ngati n'kofunika adzakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Pali zizindikiro zimene simuyenera kudikira nazo kuti kuche, ngakhale munthu anayezedwa kale. Ngati pachifuwa pamlemera ngati patsamiridwa ndi mwala kupitirira mphindi 15, kapena ululu uyenda kufika kumkono, kukhosi kapena kunsagwada. Ngati wakomoka, makamaka ali pa ntchito kapena pa mpira. Ngati mtima ugunda modumphadumpha, kapena upitirira ka 120 pa mphindi iye atakhala chete theka la ola. Ngati abanika akagona chagada ndipo miyendo yatupa. Ngati mbali imodzi ya thupi yafooka, kukamwa kwapotoka, kapena lilime lalemera. Ngati thupi latentha kapena wagwa ngati wa khunyu: funani njinga kapena galimoto nthawi yomweyo. Chitani chomwecho ngati wangomwa kapena kusuta tik ndi zofanana nayo, pakuti zimenezo zivulaza mtima weniweni ngakhale wa mnyamata. Chimodzimodzinso ngati ali mayi woyembekezera. Ngati ali wa zaka zoposa 40, kapena wa BP ndi shuga, ndipo izi zamchitikira koyamba. Ndiponso ngati m'banja mwanu munafapo munthu mwadzidzidzi akali wamng'ono.

Zizindikiro za m'maganizo nazo zili ndi changu chake. Amene akumva mau a anthu osaoneka, amene atsimikiza kuti anthu akumsaka kapena kumthirira chiphe m'chakudya, amene watha masiku osagona ali kulankhula zosamveka, ameneyo ali ndi nthenda ina yosiyana ndi mantha, imene chamba chingautse mwa ena, ndipo ichira bwino ikafulumiriridwa. Koposa zonse, mwana akanena kuti "kuli bwino ndingofa," musayese kuti akungoopseza. Mfunseni poyera ndi mofatsa ngati akuganiza zodzipha, pakuti kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu, musamsiye yekha, tsekerani kutali mankhwala opopera mbatata ndi tomato, a makoswe ndi mapilisi onse a m'nyumba, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mantha akamgwira pakhomo

Tiyese tsopano kuti wayezedwa, ndipo wauzidwa kuti mtima uli bwino. Mantha adzabweranso ndithu, ndipo chimene apabanja achita pa mphindi zimenezo chingafupikitse nthendayo kapena kuitalikitsa.

Chizolowezi chathu, chimene chili chabwino pa matenda ena, ndi chakuti munthu akadwala mudzi wonse uthamangira m'nyumba. Amayi ayamba kulira, wina akupiza ndi chitenje, wina afuula kuti itanani abusa. Wodwalayo poona nkhope zonsezo ati mumtima, "Indedi ndikufa, taonani asonkhana." Chotero pakhale munthu mmodzi yekha, amene wodwala amkhulupirira ndipo mtima wake uli woleza, ena onse atuluke, ana apite kwa agogo. Munthuyo akhale pansi pafupi naye, nalankhule ndi mau otsika, nati, "Mwanangu, izi zinabwerapo kale ndipo zinatha, lero zithanso. A dokotala anauona mtima wako. Ine ndili pompano, sindichoka." Asamuuze kuti "palibe chimene ukumva," pakuti akumva ndithu, ndipo kumtsutsa kumwonjezera kusungulumwa.

Kenaka apume naye pamodzi. Wodwala aike dzanja pamimba, akoke mpweya ndi mphuno mofatsa powerenga kufikira 4, mimba ikukwera, nautulutse pang'onopang'ono pakamwa powerenga kufikira 6. Chinsinsi chili pa kutulutsa mochedwa, osati pa kukoka kwambiri. Achite chotero kwa mphindi zingapo, womthandizayo akuwerenga mokweza. Kusukusula ndi madzi ozizira, amene kuno sasowa, kuthandiza kutsitsa liwiro la mtima. Kumfunsa kuti atchule zimene akuona m'nyumbamo, kapena maina a mbuzi za m'khola, kapena midzi ya m'njira ya ku Dedza, kuchotsa khutu lake pachifuwa. Musampumitse m'jumbo kapena m'thumba lililonse monga ena alangiza, pakuti kwa munthu wa mphumu kapena wa mtima zimenezo n'zoopsa, musampatse mowa, ndipo musamgawire mapilisi a munthu wina.

Pali chinthu chimodzi chovuta kuchilandira, koma ndicho mankhwala enieni. Mantha akamgwira pamsika, m'tchalitchi kapena m'minibasi, mtima umuuza kuti athawe. Ndipo akathawa apeza mpumulo, koma thupi liphunzira kuti msika ndiwo unali ngozi, mawa nadzauopa koposa. Munthu angathe kutaya msika, tchalitchi, dimba ndi sukulu chimodzichimodzi, kufikira dziko lake lonse litsala chipinda chimodzi. Mlimbikitseni kuti, ngati n'kotheka, akhale pomwepo, apume monga taneneramo, mpaka mantha atsike okha. Pakuti tsiku lililonse limene aona mantha akubwera ndi kupita iye osathawa ndiponso osafa, phunziro lonama lija lifufutika pang'ono.

Masabata oyamba atasiya

Asiye zonse, osati kuchepetsa chabe. Anzake adzamuuza kuti, "Suta pang'ono, mtima ukhale m'malo," ndipo mwina tsiku loyamba zioneka ngati zoona. Koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, pakuti kwa munthu amene chamba chamuutsira mantha, kusuta kulikonse kungawautsenso mwatsopano.

Amene anasuta tsiku ndi tsiku ayembekeze masiku owawa, ndipo inu apabanja mudziwiretu kuti musadzati nthenda yakula. Pakapita tsiku limodzi kufikira atatu ayamba kupsa mtima msanga, kusowa tulo, kukana chakudya, kutuluka thukuta usiku ndi kuda nkhawa. Zimenezi zikula m'sabata yoyamba, ndipo zambiri zitha pakapita masabata awiri kapena atatu, kupatula tulo tosokonekera ndi maloto achilendo, zimene zingapitirire mwezi. Mphamvu ya chamba ibisala m'mafuta a m'thupi nituluka pang'onopang'ono, kotero kuti mwa wosuta kwambiri ingapezeke mu mkodzo patapita masabata angapo; palibe mankhwala otsuka magazi amene angaifulumize, ndipo amene akugulitsani otere akungodya ndalama zanu.

Za mowa tichenjeze padera. Womwa mwa apo ndi apo angosiya, pakuti matsire athamangitsa mtima ndi kuutsa mantha. Koma amene amwa kachasu tsiku lililonse, amene manja amnjenjemera m'mawa asanalawe, asasiye mwadzidzidzi ali pakhomo, chifukwa m'masiku atatu oyamba angagwe ngati wa khunyu kapena kusokonezeka mutu, ndipo ena afa nazo. Ameneyo asiye motsogoleredwa ndi achipatala. Chimodzimodzinso wozolowera tramadol, codeine kapena nyaope ayambe wakaonana ndi achipatala.

Tiyi wowirira, khofi, Coca-Cola ndi zakumwa za m'zitini zimene ati zipatsa mphamvu, zonsezi zili ndi caffeine, imene ifulumiza mtima ndi kuthamangitsa tulo; fodya wa ndudu ndi wa mphuno achita chomwecho. Azichepetse, ndipo masana akapita asazilawe konse. Asapite kumunda ndi njala, pakuti kunjenjemera kwa njala kufanana ndi chiyambi cha mantha. Phala kapena mbatata ya m'mawa n'zokwanira. Agone ndi kudzuka nthawi imodzimodzi, foni ili kutali. Ndipo popeza June ndi July wa kuno aluma, tikumbutse za mbaula: makala oyaka m'chipinda chotseka atulutsa mpweya wakupha wopanda fungo, umene uyamba ndi mutu, chizungulire, mseru ndi mtima wothamanga. Ngati zizindikiro zibwera usiku wa mbaula, makamaka zikagwira anthu awiri kapena atatu pamodzi, amenewo si mantha ayi. Tsekulani zitseko, tulukani nonse, mupite kuchipatala, ndipo mbaula isagonenso m'nyumba.

Ntchito nayo ndi mankhwala. Makolo achifundo amuuza wodwala kuti agone, asanyamule kanthu, mtima ungaime. Koma ngati achipatala anena kuti mtima uli bwino, kugoneka munthu wotere ndiko kumtsimikizira kuti ali pafupi ndi manda. Ayambe ndi kuyenda theka la ola tsiku lililonse pamalo athyathyathya, sabata yotsatira akwereko kachitunda, kenaka agwire khasu. Ndipo mtima ukagunda pokwera, adziuze kuti ukugwira ntchito imene unalengedwera. Aleke kudzigwira pamkono kawirikawiri kuwerenga kugunda kwa mtima, aleke kupita kukayezetsa BP tsiku lililonse, aleke kufufuza matenda a mtima pa intaneti usiku. Zonsezi zitonthoza kwa kamphindi, koma zisunga khutu pachifuwa. Ena achira m'masabata ochepa, ena atenga miyezi, ndipo tsiku loipa lobwera pakati pa masiku abwino silitanthauza kuti zonse zabwerera pambuyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za ufiti, mapemphero ndi manyazi

Tidziwa kuti nthenda yobwera usiku, yosaoneka pa makina a kuchipatala, yogwira mnyamata amene wangobwera ndi katundu kuchokera ku Joni, ikokera maganizo a anthu ku ufiti. Tikupemphani ndi ulemu wonse, inu eni mbumba, kuti muganizire mtengo wake wa mau amenewo. Munthu amene nthenda yake ndi mantha, mukamuuza kuti pali wina akumtsata usiku, mwathira mafuta pamoto. Ndipo gogo wosalakwa amene adzalozedwa chala adzasenza chitonzo, kapena choposa chitonzo, chifukwa cha chamba chimene sanasute. Zitsamba zosadziwika mphamvu yake nazo zingathamangitse mtima kapena kulimbana ndi mankhwala a kuchipatala. Ngati wamwapo, auzeni achipatala.

Pemphero lofatsa, nyimbo ya madzulo, ndi kuchezeredwa ndi akulu a mpingo kapena a kumzikiti zilimbitsa wodwala, ndipo ife tizivomereza ndi mtima wonse. Chimene tikana ndi kumzinga ndi mfuu usiku wonse, kumsalitsa kudya masiku ambiri, kumuuza kuti ataye mankhwala, kapena kumuuza kuti mantha ake ndi umboni wa kuchepa kwa chikhulupiriro.

Kudzudzula kuli ndi nthawi yake, ndipo sitinena kuti kusuta chamba n'kwabwino. Koma mwana amene wabwera yekha naulula wachita chinthu chovuta, ndipo akalandiridwa ndi mau akuti "udziwe wekha, unkasuta ndi ine?" sadzaululanso kanthu, nadzabwerera kwa anzake aja amene samtonza. Kumbukirani atate a mwana wolowerera, amene anayamba ndi kulandira. Atsibweni akhale naye pansi paokha, amve chimene chinamtengera kumeneko, kaya ndi kusowa ntchito, ngongole, imfa ya kholo, mayeso olephera kapena banja losokonekera, pakuti muzu ukatsala chamba chidzaphukanso. Mayi amene mwamuna wake ali m'vutoli asalisenze yekha. Aitane ankhoswe, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo ngati pali nkhanza pakhomo asabise poti mwamuna akudwala. Anansi nawo asunge pakamwa: dzina lakuti "wamisala" limamatira munthu zaka zambiri atachira kale, nilimtsekera ukwati ndi ganyu yemwe.

Ngati papita mwezi osasintha

Ngati patha mwezi umodzi kapena kuposerapo chisiyireni, ndipo mantha akali kubwera sabata ndi sabata, kapena amletsa kugwira ntchito ndi kupita kusukulu, bwererani kuchipatala mukapemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala wophunzira za matenda a maganizo, amene apezeka pa zipatala za maboma. Kupita kumeneko si kuvomera misala, ndipo wodwala mantha kawirikawiri sagonekedwa; chipatala cha ku Zomba ndi cha iwo odwala kwambiri. A St John of God, amene ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, athandizanso anthu ofuna kusiya chamba ndi mowa. Thandizo lalikulu ndi uphungu, momwe wodwala aphunzira kuzindikira maganizo outsa mantha ndi kubwerera pang'onopang'ono kumalo amene anawathawa.

Ena apatsidwanso mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline. Amenewa sagwira tsiku lomwelo. Afuna masabata awiri kufikira asanu ndi limodzi, ndipo masiku oyamba nkhawa ingaoneke ngati yakula, chimene chichititsa ambiri kuwataya asanaone phindu lake. Amwedwe tsiku lililonse kwa miyezi imene dokotala wanena, ndipo asasiyidwe mwadzidzidzi. Amitriptyline ndi woopsa akamwedwa wambiri nthawi imodzi, chotero asungidwe ndi munthu wamkulu amene azimpatsa wodwala muyeso wa tsikulo. Propranolol, amene atsitsa liwiro la mtima, sayenera munthu wa mphumu. Diazepam atonthoza msanga koma azolowereka msanganso, ndipo amene amgula kwa ogulitsa a mumsika angotuluka m'ukapolo wina kulowa mu wina.

Musanapite, gulani kope laling'ono, ndipo wodwala azilembamo kamodzi patsiku, madzulo, mizere iwiri kapena itatu yokha: tsiku, nthawi imene mantha anabwera, pamene anali, chimene anadya kapena kumwa, ndi mphindi zimene anatha. Kope limeneli mupite nalo kwa dokotala pamodzi ndi buku la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa. Ngati chipatala chili kutali ndipo mufuna kufunsa musananyamuke, lankhulani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena imbani ku Chipatala cha pa Foni, kumene ayankha m'Chichewa. Ndipo potuluka m'chipinda cha dokotala, funsani tsiku lobwereranso, mulilembe pachikuto cha kopelo.